Khothi likaletsa boma, mphamvu zake zimachokera kuti ndipo zimalekezera pati?

Mphunzitsi Wopuma, Khombedza:
Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu lino, a kuno ku Salima ndi a ku Nkhotakota omwe. Ndili ndi funso limene ndikupempha kuti amene munaphunzira malamulo mutimasulire, ndipo ena tonse tiikepo maganizo athu mwaulemu. Pulezidenti timasankha ndife, aphungu a ku Nyumba ya Malamulo timasankhanso ndife, koma palibe mmodzi wa ife amene anaimapo pamzere padzuwa kuti avotere jaji. Nanga zimatheka bwanji kuti anthu asanu kapena asanu ndi awiri, amene sitinawatume ndi voti, afafanize chinthu chimene boma lonse lakonza? M'chaka cha 2020 chokha makhothi anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, anaimitsa m'bindikiro wa mliri wa COVID-19 umene nduna inali italengeza kale, ndiponso analetsa boma kutumiza mkulu wa majaji kutchuthi chimene iye sanapemphe. Sindikunena kuti pa zitatuzi analakwitsa ayi. Chimene ndikufuna kudziwa ndi kumene mphamvu zoterezi zimachokera, makamakanso kumene zimalekezera.

Mlangizi wa Malamulo, Salima Boma:
Zikomo aphunzitsi, funso lanuli ndi lomwe anthu amandifunsa kawirikawiri ndikapita kumisonkhano ya m'midzi. Malamulo aakulu oyendetsera dziko, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, amanena pa gawo 5 kuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana nawo n'chopanda mphamvu. Gawo 9 limapereka kwa makhothi udindo womasulira malamulowo, kuwateteza ndi kuonetsetsa kuti akutsatidwa, pamene gawo 12 limati ulamuliro wonse umachokera kwa anthu a m'dziko muno, moti wolamulira amangousunga m'malo mwawo. Mukawerenga magawo atatuwa pamodzi muona kuti jaji sali pamwamba pa pulezidenti. Chimene chili pamwamba pa onse awiri ndi malamulo aakuluwo, ndipo jaji ndi amene anapatsidwa ntchito yonena ngati wina wadumpha malire.

Tisamasokonezenso makhothi awiri amene timawamva pawailesi. Kuno kulibe khothi lapadera loona za malamulo aakulu ngati limene lili ku South Africa. Mlandu ukakhudza malamulowa, mkulu wa majaji amautsimikiza, ndipo majaji osachepera atatu a High Court amakhala pamodzi kuuzenga. Limenelo ndi lomwe nyuzipepala zimalitcha Constitutional Court. Amene sanakhutire amakachita apilo ku Supreme Court of Appeal, ndipo likagamula limeneli palibenso kwina kokadandaula m'dziko muno.

Kalaliki Wakale, Linga:
Achimwene mwafotokoza bwino zimene zinalembedwa, koma ine ndikufuna achinyamata amve chifukwa chake zinalembedwa choncho, pakuti ena a ife tinaiona nthawi imene khothi silinkatha kutsutsa boma. M'nthawi ya chipani chimodzi, milandu ikuluikulu, kuphatikizapo ya kupha ndi ya kuukira boma, inkatha kutumizidwa kumakhothi amiyambo, kumene ambiri mwa oweruza anali mafumu ndipo wozengedwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Orton Chirwa, yemwe anali katswiri wa malamulo komanso nduna yoona za chilungamo dziko litangolandira ufulu, anazengedwa pamodzi ndi mkazi wake Vera m'khothi lotero, ndipo mu 1983 onse awiri anagamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala chokhala m'ndende moyo wonse. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, Vera anatuluka mu 1993. Munthu ankathanso kutsekeredwa zaka zambiri popanda kuonekera pamaso pa woweruza aliyense, ndipo katundu wake nkulandidwa mwa lamulo. Choncho amene analemba malamulo a 1994, pambuyo pa referendamu ya pa 14 June 1993, sanawapatse majaji mphamvu chifukwa chowakonda. Anatero chifukwa anali ataona ndi maso chimene chimachitika pamene wolamula, wopanga lamulo ndi woweruza onse akumvera munthu mmodzi.

Mphunzitsi Wopuma, Khombedza:
Zimenezo ndikuzikumbuka, a kalaliki, ndipo sindingalakalake kuti zibwerere. Komabe kuopa pulezidenti wamphamvu zopanda malire sikutanthauza kuti tisaope jaji wamphamvu zopanda malire. Funso langa lachiwiri lija, la polekezera, silinayankhidwe.

Wophunzira Malamulo, kwathu ku Chipoka:
Pepani makolo anga, ndilowepo pang'ono ngakhale ndine mwana. Nkhawa ya aphunzitsi ndi yakale kwambiri, ndipo ku America akhala akukangana nayo kwa zaka zoposa 200. M'malamulo aakulu a dziko limenelo mulibe gawo lonena mwachindunji kuti khothi lingathetse lamulo la aphungu. Mphamvuyo inakhazikika mu 1803 pa mlandu wa Marbury ndi Madison, pamene mkulu wa majaji, John Marshall, analemba kuti kunena chimene lamulo likutanthauza ndi ntchito ya makhothi, ndipo ngati lamulo la aphungu likutsutsana ndi malamulo aakulu, khothi liyenera kutsatira aakuluwo. Kumeneko tinganene kuti majaji anadzipezera okha mphamvuyo mwa kumasulira, koma kwathu kuno inalembedwa poyera, ndiye jaji wa ku Malawi sanganenedwe kuti anailanda.

Za polekezera, malire oyamba ndi akuti khothi siliyambitsa mlandu. Jaji akhoza kuona lamulo loipa tsiku ndi tsiku, koma sangalikhudze kufikira munthu amene lamupweteka atabwera kudzadandaula. Malire achiwiri ndi akuti khothi lilibe msilikali, lilibe wapolisi, ndipo ndalama zoyendetsera ntchito yake zimachokera ku boma lomwelo limene limaliweruza.

Mayi wa Geni ya Usipa, Senga Bay:
Ine za ku America sindizidziwa, mwana wanga, koma za wapolisi ndikuzidziwa. Ntchito yathu ndi ya mbandakucha, chifukwa maboti a usipa amakocheza kusanache, ndipo ukafika dzuwa litatuluka umapeza anzako atapikula kale wabwino yense. Zaka za m'mbuyomo mchimwene wanga, amene ankandithandiza kunyamula, anagwidwa ndi apolisi olondera usiku ali panjira yopita kudoko, atamangirira mabeseni awiri opanda kanthu pakaliyala ya njinga, ndalama za mpamba zili m'thumba. Anawaonetsa mabeseniwo, mamba a nsomba za dzulo lake akadali m'mbali, koma iwo anati wapalamula vakabu. Anagona m'chitokosi, ndipo m'mawa mwake anauzidwa kuti akangovomera mlandu alipira faindi nkumapita, koma akakana akadikira kurimandi. Anavomera mlandu umene sanaudziwe n'komwe, mpamba wonse unathera pafaindi, ndipo tinakhala masabata angapo tisanayambirenso geni. Ndinadzamva pawailesi kuti khothi linathetsa lamulo limeneli, koma kuno anthu akugwidwabe usiku. Tsono ndikufunsa, kodi linathadi kapena linatha ku Blantyre kokha?

Mlangizi wa Malamulo, Salima Boma:
Amayi, nkhani ya achimwene anuyo ikufanana kwambiri ndi ya munthu amene anachititsa kuti lamulolo lithe. Mayeso Gwanda anali wogulitsa majumbo, ndipo mu 2015 anagwidwa mbandakucha ku Blantyre akupita kumsika wa Limbe. M'malo movomera, anatsutsa lamulo lenilenilo, ndipo mu January 2017 majaji atatu anagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu ya upandu n'losemphana ndi malamulo aakulu, chifukwa linkapatsa wapolisi mphamvu yomanga munthu pongomuganizira, linkanyoza ulemerero wa munthu, ndipo amene ankagwidwa nalo anali osauka okhaokha oyenda pansi. Lamuloli tinalilandira kwa atsamunda. Mu 2022 High Court ku Zomba inagamulanso kuti zija apolisi amachita zosesa aliyense amene ampeza pamalo usiku, popanda kumuuza mlandu wake, n'zosaloledwa. Zigamulozi zimagwira ntchito m'dziko lonse, Senga Bay yomwe. Vuto ndi lakuti zigawo zina zoyandikana nalo zinatsala m'buku, ndipo wapolisi amene akufuna kumanga munthu amangosintha dzina la mlandu. Munthu amene sadziwa kuti lamulo linatha amavomerabe.

Wamalonda, Dwangwa:
Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi amene amatama makhothi. Tonse tikukumbuka gawo 65, lija loti phungu akachoka m'chipani chimene chinamulowetsa m'Nyumba nkulowa chipani china, mpando wake ukhale wopanda munthu. Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 nkuyambitsa DPP, aphungu ambiri anamutsatira. Iye mwini anatengera nkhaniyi kukhothi kufuna kuti gawolo lionedwe ngati likuphwanya ufulu wolowa gulu limene munthu akufuna, ndipo mu June 2007 Supreme Court inati gawolo lilibe vuto, Sipikala ali ndi mphamvu zolitsata. Nanga chinachitika n'chiyani? Aphungu aja anathamangira kukhothi laling'ono kukatenga ziletso, Sipikala Louis Chimango manja anamangika, otsutsa boma anakana kukambirana bajeti, dziko linakhala miyezi likudikira, ndipo aphunguwo anakhalabe pamipando mpaka chisankho cha 2009. Khothi lalikulu linayankhula, makhothi omwewo nkutsekereza zimene linanena. Chiletso kuno chinasanduka katundu wa anthu andalama: mkulu wa bungwe la boma akachotsedwa ntchito madzulo, m'mawa ali nacho kale m'manja, pamene mlimi wa mzimbe amene akulimbirana malo amayenda zaka akuuzidwa kuti fayilo sikuoneka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo, ndipo zigamulo zambiri zimene timaziimbira m'manja zikadali pachala.

Mlimi wa Mpunga, Lifuwu:
Achimwene a ku Dwangwa, zimene mukunenazo n'zoona, koma musaiwale kuti chilipo chigamulo chimodzi chimene chinafika kwa aliyense. Pa 3 February 2020 inali nyengo yowokera mpunga, koma ambiri kuno sitinalowe m'munda. Tinakhala pakhonde la golosale tikumvera wailesi kuyambira m'mawa, majaji asanu aja, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Mike Tembo, akusinthana kuwerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019. Mabatire atafooka, mnyamata wina analumikiza wailesiyo kubatire ya sola, ndipo mdima unagwa tikadali pomwepo, udzudzu ukutiluma, palibe wofuna kuchoka. Chimene chinandikhudza ine si kuti wina wapambana kapena wagonja, pakuti pakhondepo panali a zipani zonse. Chinali kumva majaji akutchula zinthu zimene oyang'anira mavoti athu ankadandaula: mapepala ofufutidwa ndi tipeksi, mapepala osasainidwa, ndi mapepala ena ogwiritsidwa ntchito m'malo mwa enieni. Analamula kuti chisankho chichitikenso pasanathe masiku 150, Supreme Court inagwirizana nawo pa 8 May, ndipo pa 23 June tinakavotadi. M'Africa muno zoterezi zinali zitachitikapo ku Kenya kokha, mu 2017.

Mphunzitsi Wopuma, Khombedza:
Mwandifikitsa pamene pamandivuta kwenikweni. Pa mlandu womwewo makhothi anagamula kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, osati kungoposa anzake. Koma mu 2000, pa mlandu umene Gwanda Chakuamba ndi anzake anatsutsa kupambana kwa Bakili Muluzi pa chisankho cha 1999, Supreme Court yomweyi inamasulira gawo 80 mwa njira yakuti amene waposa anzake ndiye wapambana. Ndi kumasulira kumeneko Bingu analowa m'boma mu 2004 ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, ndipo Peter Mutharika analowa mu 2014 ndi chiwerengero chonga chomwecho. Mawu a gawolo sanasinthe pakati pa 2000 ndi 2020. Amene anasintha ndi anthu okhala pampando wa jaji. Komanso mu 2017 aphungu anakana bilu yobweretsa dongosolo la kuposa theka. Ngati chimene aphungu anakana chingalowe kudzera kukhothi, kodi pamenepo jaji akumasulira lamulo kapena akulipanga?

Wophunzira Malamulo, kwathu ku Chipoka:
Aphunzitsi, funso limenelo ngakhale m'kalasi mwathu limagawa anthu pawiri, ndipo sindinganame kuti lili ndi yankho lokhutiritsa aliyense. Chimene ndinganene n'chakuti khothi lalikulu limaloledwa kusiya chigamulo chake chakale likaona kuti chinali cholakwika, ndipo pakanapanda mwayi umenewu zolakwa zina zikanakhala mpaka kalekale. Ku America, mu 1896, khothi lalikulu linavomereza kuti azungu ndi anthu akuda azipatulidwa, ndipo mu 1954, pa mlandu wa Brown, khothi lomwelo linati kupatula ana m'sukulu chifukwa cha khungu n'kosemphana ndi malamulo aakulu, mawu a malamulowo asanasinthe. Majaji asanu ndi awiri a Supreme Court yathu, motsogozedwa ndi mkulu wa majaji wa nthawiyo, Andrew Nyirenda, anapereka zifukwa zawo polemba, kuti munthu wolamulira dziko ayenera kukhala ndi chilolezo cha ovota ambiri, osati 38 pa 100 alionse monga zinalili mu 2019. Aphungu akanafuna akanasintha gawolo kuti abwezeretse zakale, koma m'malo mwake anadzalemba dongosolo latsopanolo m'malamulo. Ndipo taonani kuti mu September 2025 Peter Mutharika, amene dongosololi linamuchotsa, anabwerera m'boma atadutsa theka lomwelo, Jane Ansah, amene ankatsogolera bungwe la MEC mu 2019, ali womutsatira wake. Lamulolo silinakhale la chipani chimodzi.

Kalaliki Wakale, Linga:
Mwana wanga wayankha mwanzeru, koma ndisamusiye akuganiza kuti khothi lalikulu likasintha maganizo nthawi zonse limasintha mwadongosolo. Nkhani ya chilango cha imfa inatichititsa manyazi. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, High Court inagamula kuti si bwino kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingoweruzidwa kuti anyongedwe popanda jaji kumva zifukwa zochepetsera chilango. Chimenecho chinali chigamulo chabwino, ngakhale panatha zaka zisanu ndi zitatu akaidi asanayambe kuweruzidwanso, ndipo atayamba mu 2015 ambiri anatuluka. Tsono mu April 2021, pa mlandu wa Khoviwa, dziko lonse linauzidwa kuti Supreme Court yathetseratu chilango cha imfa, mabungwe akunja nkutiyamikira. Patangotha miyezi inayi khothi lomwelo linatulutsa chikalata china chonena kuti amenewo anali maganizo a jaji mmodzi amene analemba chigamulocho, kuti nkhaniyo siinali pamaso pawo, ndipo chilangocho chikadalipo. Ngakhale palibe amene wanyongedwa kuno chiyambire 1992, taganizirani mkaidi amene anauzidwa mu April kuti chingwe chachoka, mu August nkuuzidwa kuti chabwerera. Khothi limene tikufuna kuti boma lizilimvera liyenera kuyamba ladzisunga lokha.

Wazaumoyo, Benga:
Ine ndibwerere ku m'bindikiro umene aphunzitsi anautchula poyamba, chifukwa kwa ife ogwira ntchito m'zipatala chiletso cha pa 17 April 2020 chinatiopsa. Boma linali litalengeza kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 April, ndipo jaji Kenyatta Nyirenda anaimitsa dongosololo kutatsala tsiku limodzi. Panthawiyo tinalibe zodzitetezera zokwanira, katemera kunalibe, ndipo tinkamva za anthu akufa mwaunyinji ku Italy. Kodi jaji, amene sanaphunzire za miliri, ndiye woyenera kunena ngati anthu atsekeredwe kapena ayi? Mliri ukanakula monga tinkaopera, akanayankha ndani? Nduna tingaichotse, pulezidenti tingamukane pavoti, koma jaji akalakwitsa pa nkhani ya moyo wa anthu amangopitiriza ntchito yake.

Mayi wa Geni ya Usipa, Senga Bay:
Achemwali, ndikumva mantha anu, koma ife amene timadya zimene tagulitsa tsiku lomwelo masiku 21 amenewo akanatipha njala matenda asanatipeze. Usipa wauwisi sungasungidwe m'nyumba kudikira kuti boma litsegule msewu. Palibe amene anabwera kudoko kudzatiuza kuti ufa tidzaupeza kuti, ndipo nchifukwa chake mavenda anachita zionetsero m'matauni chiletsocho chisanatuluke n'komwe.

Mlangizi wa Malamulo, Salima Boma:
Nonse awiri mukunena zoona, koma tiyeni tione chimene khothi linaweruza, chifukwa silinanene kuti m'bindikiro ndi woipa pa zaumoyo. Pamene majaji atatu anaumaliza mlanduwu mu September 2020, nkhani inali ya njira imene boma linatsata. Kutsekera anthu onse m'nyumba n'kulanda ufulu woyenda, wopeza zosowa pa moyo ndi wosonkhana, ndipo malamulo aakulu, pa gawo 45, ali ndi njira yake yochitira zimenezi: pulezidenti alengeze kuti dziko lili pa nyengo ya zadzidzidzi, komiti ya aphungu ivomereze, nthawi yake ikhale yodziwika, ndipo kuionjezera kudzere ku Nyumba ya Malamulo. Boma silinadzere kumeneko. Linalengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi pansi pa lamulo lina, kenako nduna ya zaumoyo inangolemba malamulo ang'onoang'ono amene aphungu sanawakambirane. Khothi linati nduna singachite ndi cholembera chake chimene malamulo aakulu anasungira pulezidenti ndi aphungu pamodzi, ndiponso kuti boma likafuna kutsekera anthu liyambe lakonza mmene osauka adzadyere. Choncho, achemwali a ku Benga, jaji sanalande ntchito ya dokotala. Anabweza nkhaniyo kwa anthu amene inu mukuti tingawachotse pavoti.

Wamalonda, Dwangwa:
Pa m'bindikiro boma linamvera chifukwa kumvera kunali kosawononga ndalama, ndiponso chisankho chinali pafupi. Yesani chigamulo chofuna ndalama muone. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khothi linapeza kuti kuthithikana kwa m'ndende ndi kuperewera kwa mpweya m'zipinda n'kuzunza anthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Maboma asinthana kangapo chiyambire nthawi imeneyo, koma aliyense amene anakazondapo m'bale wake kundende akudziwa mmene anthu amagonera.

Wophunzira Malamulo, kwathu ku Chipoka:
Malume, pamenepo sinditsutsa. Chigamulo chimayenda ngati pali ena kunja kwa khothi amene akuchikankha. Ngakhale cha Brown chija sichinatsatidwe msanga, moti mu 1957 pulezidenti Eisenhower anachita kutumiza asilikali ku Little Rock kuti ana asanu ndi anayi akuda alowe m'sukulu. Ku South Africa, khothi litagamula mu March 2016 kuti pulezidenti Jacob Zuma anaphwanya malamulo aakulu pa nkhani ya ndalama za boma zimene zinalowa panyumba yake ya ku Nkandla, iye anabwezadi ndalama zokwana 7.8 miliyoni randi, chifukwa zipani zotsutsa, atolankhani ndi anthu wamba sanaisiye nkhaniyo. Kwathu mu 2019 ndi 2020 kunali zionetsero za miyezi yambiri, asilikali anateteza majaji ndi ochita zionetsero omwe, ndipo majajiwo anakanena okha za munthu amene anafuna kuwapatsa ziphuphu, yemwe anadzapezeka wolakwa mu 2021. Akaidi alibe wowayendera mumsewu, nchifukwa chake chigamulo chawo chinagona m'kabati.

Kalaliki Wakale, Linga:
Ndiyese kuyankha funso la aphunzitsi la polekezera, popeza talizungulira mokwanira. Mkulu wa majaji amasankhidwa ndi pulezidenti, koma ayenera kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu amene alipo ndipo akuvota. Majaji ena amasankhidwa ndi pulezidenti potsatira malangizo a bungwe loona za ntchito ya majaji, la Judicial Service Commission. Jaji akhoza kuchotsedwa chifukwa cholephera ntchito kapena khalidwe loipa, kudzera m'pempho la Nyumba ya Malamulo. Aphungu angathenso kusintha malamulo aakulu akakwana magawo awiri mwa atatu, kupatula magawo otetezedwa, monga a ufulu wachibadwidwe, amene amafuna referendamu. Mphamvu imeneyi anaigwiritsapo ntchito: mu 1995 anachotsa gawo 64 limene linkatilola kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, ndipo mu 2001 anachotsa nyumba yachiwiri ya malamulo, ya Senate, isanakhazikitsidwe n'komwe. Choncho zingwe zomangira majaji zilipo. Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti andale amazikumbukira pokhapokha jaji akawagamula mowapweteka. Mu 2001 aphungu anafuna kuchotsa majaji atatu amene zigamulo zawo sizinakondweretse boma, ndipo mu June 2020, kutatsala masiku ochepa kuti tivote, boma linalengeza kuti Andrew Nyirenda apite kutchuthi chodikira kupuma, mpaka maloya anayenda mumsewu atavala mikanjo yawo. Koma za jaji amene wasunga chigamulo cha mayi wamasiye zaka zambiri osachipereka, simudzamva phungu akuimirira.

Mphunzitsi Wopuma, Khombedza:
A kalaliki, mwandithandiza pa mbali imodzi. Ndikuvomera kuti mphamvuzo tinazipereka tokha ndipo njira zozibweza zilipo, ngakhale zili m'manja mwa aphungu amene anayamba ndi kudzichotsera okha chingwe cha gawo 64. Pa nkhani ya kuposa theka sindinasunthe kwenikweni: zotsatira zake ndikuzikonda, koma ndikanakonda chikhala kuti zinadzera kwa aphungu kapena kwa ife pa referendamu, chifukwa tsiku lina khothi lidzasintha chigamulo chimene ife timachikonda, ndipo tidzasowa ponena popeza tinaombera m'manja pamene linasintha chimene sitinkachikonda. Komanso sindikuona chifukwa chimene zigamulo zikuluzikuluzi sizimasuliridwa m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitonga nkuikidwa kwa mafumu ndi m'masukulu, pamene ife a m'mbali mwa nyanja High Court yapafupi timaipeza ku Lilongwe kapena ku Mzuzu.

Mayi wa Geni ya Usipa, Senga Bay:
Ine ndifunse chimene ndingakauze anzanga kudoko mawa. Mwana akagwidwa usiku akupita kokapikula nsomba, tichite chiyani kuti asavomere mlandu chifukwa cha mantha, ndipo apolisi angamusunge masiku angati?

Mlangizi wa Malamulo, Salima Boma:
Amayi, mukawauze izi. Gawo 42 limati womangidwa auzidwe msanga chifukwa chimene wamangidwira, m'chiyankhulo chimene akumva, ndipo ali ndi ufulu wokhala chete. Sayenera kukakamizidwa kuvomera. Ayenera kuonekera kukhothi pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera pa tsiku limene khothi silikugwira ntchito, aonekere tsiku loyamba limene latsegula, apo ayi atulutsidwe. Belo ya kupolisi ndi yaulere, choncho wina akapempha ndalama mufunse lisiti ndipo mulembe tsiku ndi nthawi. Pamaso pa majisitireti, mwanayo afunse kuti mlandu wake uli pa gawo liti, ndipo akamva 184(1)(c) anene kuti gawolo linathetsedwa mu 2017 pa mlandu wa Gwanda. Ngati kulibe ndalama za loya, m'bale apite msanga ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, kapena afunse alangizi a malamulo amene amayendera zitokosi za apolisi, ndipo atenge mboni imodzi ya kudoko yodziwa ntchito imene mwanayo amagwira.